Mayiki ya DJ ndi oimba pa siteji: mugule iti ndalama zikakhala zochepa

Mayiki ya DJ kuno ku Blantyre siyanu nokha ayi. Mumagula ndinu inde, koma pofika Loweruka madzulo imakhala yagwiridwa ndi MC, ankhoswe a kuchikazi, abusa, tcheya wa komiti ya ukwati, komanso amalume ena amene angodzuka kuti nawo ayankhulepo pa perekani-perekani. Wina aimenya ndi chala kuti aone ngati ikugwira, wina aiuzira mpweya, wina akamaliza aisiya pa tebulo yokha n'kugubuduka kukagwa pa simenti. Nde musanayambe kufunsa kuti ndi iti imamveka mokoma, funsani kaye kuti ndi iti ingapirire manja onsewa, kenako ndi iti siliza mluzu mu holo. Kukoma kwa mawu kubwere pachitatu.

Tichotse kaye zosafunika. Mamayiki a mawu alipo mitundu iwiri ikuluikulu, dynamic ndi condenser. Condenser ndi aja a mu situdiyo opachika pa kachitsulo, ndipo masiku ano amagulitsidwa motchipa pa Facebook ali mu bokosi lokongola, kasitandi, kasiponji, zonse zili momo. Musakopeke nazo. Condenser imamva chilichonse, jenereta ya kuseri kwa tenti, mbale za ophika, ana akusewera panja, komanso yambiri imafuna magetsi a 48V ochokera ku mikisa aja amati phantom power, pomwe ma controller ang'onoang'ono a DJ, zida zija zosewerera ndi kusakanizira nyimbo, alibe zimenezo, mukailumikiza imangokhala zii. Inu mukufuna dynamic. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala komata ndi kawaya kokulungidwa pa maginito, mawu akagwedeza kachikopako magetsi ochepa amapangika okha, sifuna batire, sifuna phantom, ndipo olo munthu akuwe bwanji siidandaula.

Chachiwiri muyang'ane mawu oti cardioid pa bokosi. Mayiki yotere imamva kutsogolo kwambiri, m'mbali pang'ono, kumbuyo kwake pafupifupi siimva. Izi ndi zomwe zimakupulumutsani ku mluzu uja woboola makutu. Mluzu umabwera mawu otuluka mu sipika akalowanso mu mayiki, n'kukwezedwanso, n'kutulukanso, kumangozungulira choncho mpaka agogo atseka makutu ndipo holo yonse yatembenuka kuyang'ana DJ. Palinso supercardioid, iyi imapanikiza kwambiri m'mbali nde imathandiza pa siteji yaphokoso pomwe ng'oma zili pafupi, koma imamvako pang'ono kumbuyo kwenikweni, choncho monitor, sipika ija yoyang'ana woimba kuti azidzimva, simuiika moyang'anizana ndi mchira wa mayiki, mumaisunthira chammbali. Vuto lake lina, munthu wosazolowera akangopotoza mutu pang'ono mawu asowa. Kwa woimba wodziwa ntchito ili bho. Kwa mayiki yoyenda m'manja mwa anthu pa chinkhoswe, ine ndimati cardioid basi.

Tsopano mayina. Aliyense amayamba ndi Shure SM58, ndipo pali chifukwa. Inatuluka mu 1966 ndipo mpaka pano ikupangidwabe pafupifupi mmene inalili, mutu wa waya wozungulira uja, thupi lachitsulo, mkati muli kachipangizo koletsa phokoso la dzanja kuti lisamveke mu sipika. Ikagwa mutu umapindika koma mawu amapitilira, mutuwo mumangomasula n'kuikapo wina. Ku America yakhala ikugulitsidwa pafupifupi madola 100 kwa zaka zambiri. Sindikulembera mtengo wa makwacha dala, chifukwa chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika, zomwe mwamva mwezi uno mwezi wamawa zasintha. Ingotengani madola 100 aja muwerengere pa reti ya lero, muonjezere thiransipoti, msonkho ndi phindu la wogulitsa. Ndiye ngati munthu akukupatsani SM58 yatsopano ya mu bokosi pa mtengo wosafika olo theka la zomwe mwapezazo, palibe zokambirana, ndi feki.

Ndipo mafeki a SM58 ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira, mwina ndi mayiki yokoperedwa kwambiri padziko lonse. Bokosi amalikopera bwinobwino, kachikwama ka zipi kalimo, kabuku kalimo, ndiye bokosi lisakupusitseni. Poyamba inyamuleni. Yeniyeni imalemera magalamu 298, ngati muli pafupi ndi golosale yokhala ndi sikelo ya digito pemphani muike, ikapepuka kwambiri mwadziwa kale, ngakhale ochenjera ena amaikamo kachitsulo kuti ilemere. Masulani mutu, wa yeniyeni umazungulira mosalala mpaka kukhala bwino, wa feki umakhakhala kapena kukhala mopendama. Yang'anani zolemba za pa khosi ngati zili zoyera bwino kapena zofufutika. Koma mayeso osanama ndi awa: ilumikizeni, musayankhule, ingoisisitani thupi ndi chala n'kuisintha kuchoka dzanja ili kupita linalo. Yeniyeni imamveka pang'ono chabe chapansipansi, feki imachita gudugudu mu sipika. Kuona Made in China kokha si umboni woti ndi feki, Shure ili ndi fakitale yake ku China komanso ku Mexico, nde musakangane ndi wogulitsa pa mfundo imeneyo.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga yonse. Anyamata ambiri amalolera kugula feki bola palembedwe Shure kuti pa chithunzi zioneke za pamwamba, pomwe ndalama yomweyo ikanawagulira mayiki yotchipa koma yachilungamo, yoti kampani yake siikubisa dzina. Feki simudziwa kuti mkati muli chani, ziwiri zogulidwa tsiku limodzi pa shopu imodzi zimatha kumveka mosiyana, ndipo zina zimamva mbali zonse olo pa bokosi alembe cardioid, nde mluzu ndi wa tsiku ndi tsiku. Anthu amene akuvina sawerenga dzina la pa mayiki. Amangomva ngati MC akumveka kapena ayi.

Yotchipa yachilungamo yodziwika kwambiri ndi Behringer XM8500. Kunja imagulitsidwa madola 20 mpaka 30, ndi dynamic, ndi cardioid, thupi lachitsulo, imabwera mu kabokosi kolimba ka pulasitiki ndi chogwirira pa sitandi. Mawu ake ndi okwera ndithu, ili ndi besi yambiriko ndipo phokoso la dzanja limamveka kuposa SM58, koma pa ntchito ya MC ndi kulengeza palibe mlendo angakuuzeni kusiyana kwake. Pa ndalama ya SM58 imodzi mupeza zitatu, imodzi ya MC, ina ya alendo, ina yosungira. Behringer yomweyo ili ndi XM1800S, amagulitsa zitatu mu bokosi limodzi zokhala ndi switch, zimathandiza ma kwaya ndi mapraise team ongoyamba kumene koma kulimba kwake sikufika pa XM8500. Ngati mtima wanu uli pa Shure basi, pali zotchipa zawo zenizeni, PGA48 ndi PGA58, zili ndi switch ndipo zina amagulitsa ndi chingwe chomwe. Ahuja ya ku India nayo musaiderere, mwaiona m'matchalitchi ndi m'mizikiti zaka ndi zaka ikugwirabe, pa zoyankhula imakwana, kungoti pa kuimba mawu ake amakhala owuma pang'ono.

Woimba amene mawu ndiye ntchito yake, uyo asunge ndalama afike pa gulu la madola 100. Pamenepo pali SM58 yeniyeni, Sennheiser e835, ndi AKG D5. Ine khutu langa limati e835 imatulutsa mawu owala, munthu wa mawu okhuthala kapena oimba chapansi amamveka bwino osalimbana ndi EQ (mabatani aja okwezera kapena kutsitsa besi ndi mawu akuthwa), pomwe SM58 imafewetsa mawu akuthwa, aja oti akakwera pamwamba amalasa. D5 ndi supercardioid, pa siteji ya bandi yaphokoso imagwira ntchito. Manambala aja a pa bokosi oonetsa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa omwe mayiki imamva, SM58 amalemba 50 mpaka 15,000 Hz, e835 40 mpaka 16,000, asakutayitseni nthawi, mawu a munthu amakwana monsemo ndipo a feki amalemba manambala okongola kuposa pamenepo. Sennheiser nayo ili ndi mafeki ake, malamulo ndi omwe aja. Komanso ngati mukukaimba pa shoo yaikulu ku Robin's Park kapena ku Comesa Hall, a sawundi amabwera ndi zawo, yanu ndi ya ma shoo ang'onoang'ono, ku tchalitchi, ku maukwati ndi pokonzekera, ndiye musadzipanikize ngati mukugula ya moyo wonse.

Nkhani ya switch anthu amatsutsana. A sawundi ambiri sayifuna chifukwa mlendo akaigwira chala chimapita pomwepo, waithimitsa osadziwa, akuyankhula osamveka kenako akuyang'ana inu ngati mwalakwitsa ndinu. Koma DJ amene akudziyankhulira yekha, manja ali pa nyimbo, switch imamuthandiza, makamaka ngati controller yake ili ndi kabatani kamodzi kokha ka voliyumu ya mayiki kali kuseri. Nde chitani chonchi, yanu ya pa tebulo ikhale ya switch, yopita kwa anthu ikhale yopanda, ndipo ngati ili nayo imateni ndi tepi yakuda ili yoyatsa. SM58 ya switch amailemba SM58S, e835 ya switch ndi e835-S.

Musanapite kogula, tembenuzani mikisa kapena controller yanu muone bowo la mayiki. Ma controller oyambira ngati Pioneer DDJ-400 ndi DDJ-FLX4 ali ndi bowo la jack yaikulu ija ya 6.35 mm, osati XLR ya mapini atatu, ndiye mufunika chingwe cha XLR mbali ya mayiki, jack mbali inayo. Chingwe chotere chisatalike, mamita 3 mpaka 5 akwana, chikapitilira chimayamba kutola phokoso la magetsi, kulira kuja kwa mmmm kosatha, makamaka ESCOM ikathimitsa mwayatsa jenereta. XLR mbali zonse ndi imene imayenda mtunda wautali mwakachetechete chifukwa mawu amayenda pa mawaya awiri ndipo phokoso lotoledwa m'njira limafafanizika pofika. Choncho ngati mayiki ikufunika kukafika ku high table kutali, njira yabwino ndi kamikisa kakang'ono ka ma channel anayi kapena asanu ndi limodzi, mayiki ilowe mmenemo pa XLR, controller ilowenso mmenemo, zonse zipite ku masipika. Mupezanso EQ ya mayiki payokha, chomwe ma controller ang'onoang'ono sakupatsani.

Ndipo chingwe musachione ngati chinthu chongoonjezera. Mavuto ambiri amene anthu amanamizira mayiki amakhala a chingwe, kuthetheka, kuduka mawu munthu akasuntha, zonsezo. Kugula mayiki yabwino n'kuilumikiza ndi kachingwe kopyapyala kaulere ka mu bokosi kuli ngati kuvala suti n'kupondera patapata. Gulani chokhuthala, cha mitu yachitsulo yomasula ndi sikuluwu kuti waya ukaduka mkati okonza mawailesi a ku Limbe kapena ku Ndirande akuwotcherereni, osati zija za mitu youmbidwa ndi pulasitiki zoti zikafa zafa. Mayiki yobwera ndi chingwe chomatiriratu chosachotseka, ija ya karaoke, isiyeni pomwepo. Pomaliza ntchito musakulunge chingwe pa chigongono, mumapotokola mawaya a mkati, pindani mozungulira momasuka n'kumanga ndi kachingwe.

Wireless. Ndikudziwa, makasitomala amaifuna, MC amafuna azizungulira pakati pa anthu akuitana a kuchimuna kuti abwere ndi ma K2,000 awo, ndipo DJ wopanda wireless ena amamuona ngati sali siriyasi. Koma apa ndi pomwe kutchipa kumapweteka kwambiri. Wireless yotchipa mumagula zinthu zitatu pa mtengo wa chimodzi, mayiki, chotumiza ndi cholandira, nde ganizani kuti chilichonse chatsala ndi ndalama zingati. Zotsikitsitsa zimakhala za frequency imodzi yosasintha, ngati wailesi yogwira siteshoni imodzi yokha, tsiku lomwe tchalitchi cha pafupi chili ndi yofanana nayo mudzamva ulaliki ukulowa mu sipika zanu pakati pa kudula keke, ndipo palibe chomwe mungachite. Ngati mukugula, ikhale yolembedwa UHF (mtundu wa mafunde a wailesi omwe mawu amayendera), yoti mutha kusintha channel, cholandira chikhale cha tinyanga tiwiri pa mayiki imodzi, aja amati diversity, kuti kamodzi kakataya siginolo kena kagwire. Chenjerani, bokosi la mamayiki awiri ndi tinyanga tiwiri nthawi zambiri ndi kanyanga kamodzi pa mayiki iliyonse, si diversity imeneyo. Za 2.4 GHz zimamveka bwino mu shopu koma zimalimbirana malo ndi WiFi ndi ma hotspot a mafoni, holo ikadzaza zimatha kuyamba kudukiza. Cholandira chiikeni pamwamba poti chizionana ndi MC, osati pansi pa tebulo kuseri kwa amplifaya. Mabatire akhale a AA wamba opezeka paliponse, alkaline, atsopano pa mwambo uliwonse, aja otchipa a mu tochi amakufera pakati pa zoyankhula za bambo a mkwatibwi. Ndipo olo mukhale ndi wireless yodula bwanji, ya chingwe ikhale yolumikizidwa kale pa tebulo, mwangoitsitsa voliyumu. Ndalama zikakhala za chinthu chimodzi chokha, yambani ndi ya chingwe, wireless muzibwereka kwa anzanu pa tsikulo n'kuika mtengo wake pa kasitomala.

Pogula penipeni, kaya ndi mashopu a zamagetsi a ku Limbe, kaya mtauni cha ku Haile Selassie Road, kaya kwa munthu wa pa WhatsApp, osalipira musanaiyese. Tengani chingwe chanu chomwe mukuchidziwa. Ogulitsa amakonda kutsegula echo ndi kukweza besi kuti chilichonse chimveke ngati wailesi, auzeni mwaulemu kuti achimwene tathimitsani echo, EQ yonse ikhale pakati. Kenako musamangoti one two one two. Nenani mawu a p ambiri, pepani a Phiri pitani patsogolo, mumve ngati ikuphulika mpweya. Nenani a s, mumve ngati ikulasa. Kuwani mmene mumakuwira pa dansi, kenako yankhulani chapansi. Itembenuzeni muyankhulire m'mbali ndi kumchira, mawu akuyenera kutsika kwambiri, akapanda kutsika imeneyo idzakulizirani mluzu. Igwedezeni pafupi ndi khutu, pasamveke kanthu kogubuduka mkati. Gwedezani pomwe chingwe chalowa, pasathetheke. Ngati ali nazo zingapo yesani ziwiri zitatu za mtundu womwewo musankhepo. Pemphani lisiti ndipo mugwirizane masiku obweza. Zotumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha katundu wake, ayi.

Yakale yeniyeni imaposa yatsopano yokayikitsa. Matchalitchi ndi anthu obwereketsa zida akamasintha katundu amagulitsa ma SM58 opindika mitu, ooneka otopa, koma mkati ali bwinobwino, mutu watsopano ndi wotchipa. Njira ina ndi kutuma wachibale wochokera ku Joni kuti akagule mu shopu yeniyeni ya zida zoimbira abwere ndi lisiti, kungokumbukira kuti pa Mwanza a MRA atha kufuna msonkho wawo, muuwerengeretu.

Mukaipeza, theka la ntchito latsala ndi kagwiritsidwe. Mayiki ikhale kumbuyo kwa masipika nthawi zonse, MC akafuna kuyenda kutsogolo kwake muuzeni asailozetse ku sipika. Pakamwa pakhale pafupi, zala ziwiri kapena zitatu basi. Mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndithu, ndi 6 dB pa muyeso wa a sawundi, ndiye bambo amene waigwirira pa mimba uja amakukakamizani kukweza gain, voliyumu yolowera ya mayiki, mpaka mluzu, bola kumunong'oneza MC kuti aziwakwezera dzanja. Enanso ndi anyamata a rap ogwira mutu wonse m'chikhatho kuti zioneke bwino, kuseri kwa mutu kuja kuli timabowo tomwe timapangitsa mayiki kuti isamve kumbuyo, mukatitseka imayamba kumva mbali zonse, mawu amamveka ngati ali mu chitini ndipo mluzu ndi umenewo. Gwirani pa thupi. Pa mikisa, ngati pali batani la low cut la 80 kapena 100 Hz lisindikizeni, limachotsa gudugudu wa manja ndi mphepo osakhudza mawu. Munthu akayandikira kwambiri besi imachuluka yokha, ndiye tsitsani low (besi) pang'ono mmalo mokweza high (mawu akuthwa). Maholo athu ambiri ndi a simenti ndi malata, amabweza mawu kale okha, echo yoonjezera pa zoyankhula siifunika, isungireni woimba. Ndipo munthu akamayankhula tsitsani nyimbo, osati kukweza mayiki kuti ipikisane nazo.

Pa mwambo wa panja, ku Njamba kapena pa bwalo la sukulu, valikani kasiponji pamutu chifukwa cha mphepo ndi fumbi la mu October. Kasiponji komweko kamathandiza pa ukhondo, mayiki yodutsa pakamwa pa anthu makumi awiri imanunkha, tisanamizane. Kamodzi pakanthawi masulani mutu, chotsani siponji ya mkati, tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, waya wa mutuwo mukwecheni ndi mswachi wakale kuchotsa lipisitiki ndi malovu ouma, muyanike mpaka ziumiretu musanabwezeretse. Kachipangizo ka mkati kaja musakakhudze ndi madzi olo pang'ono. Nthawi ya mvula musaisiye mu buti ya galimoto kapena mu chikwama chonyowa, ndipo ya wireless muzichotsa mabatire mukafika kunyumba, akatayikira mkati amadya tizitsulo tonse.